Dzina Lobwereka

Mlendoyo anatulukira m'nkhungu masana, nyengo yodula mawere, wopanda dengu kumsana ngakhale ndodo m'manja. Ku Thulibas munthu sakwera phiri chimanjamanja. Amakwera ndi mchere, kapena nsalu, kapena bokosi lachitsulo la msilikali wobwera kutchuthi. Uyu analibe kanthu. Anakhala pa miyala yopumirapo amtengatenga pansi pa mtengo wa pipal, n'kumayang'ana madenga a mudzi limodzilimodzi, monga lilime limafufuzira pamene panazuka dzino.

Mansuba ndiye anayamba kumuona, akuchokera kukasupe ndi mtsuko wamkuwa m'dengu. Anali mtsikana wokonda kuima panjira n'kumalota ali maso, ndipo nkhani za mizukwa ankazidziwa zonse. Poyamba anayang'ana mapazi, poti mzukwa umayenda zidendene zili kutsogolo. Mapaziwo anali m'nsapato zachisilikali zakutha, ndipo ankaloza koyenera. Anafuna kuona chithunzithunzi chake pansi, koma tsiku la nkhungu ngakhale mtengo ulibe mthunzi. Tsaya lakumanzere la munthuyo linali lofota ngati khungwa, kuyambira kukhutu mpaka kuchibwano.

"Mwanawe, nyumba ya malemu msilikali wa mamendulo uja ndi iti?"

"Bambo anga sanamwalire."

"Ndiye kuti akuchigwa amanama?"

"Sanama kwenikweni," Mansuba anayankha, kenako n'kudziluma lilime. "Nanga inu ndinu ndani, bambo?"

"Wapaulendo."

"Apaulendo masiku ano alibe mayina?"

"Dzina limalemera pachikweza, mwanawe. Langa ndalisiya kumlatho."

Anaseka, koma tsaya lofotalo silinaseke nawo. Mansuba anatsogola. Njira yonse ankamva nsapato zija kumbuyo kwake, ndipo paliponse pamene njira inkagawikana, mlendoyo ankayamba kukhota iye asanamulozere.

Nkhani ya bambo ake mudzi wonse unkaidziwa, ngakhale panalibe woitchula pagulu. Mansuba asanabadwe, wolemba asilikali a Angerezi anakwera phirilo, anayeza zifuwa za anyamata ndi chingwe, n'kusankha bambo akewo, Harkajang. Koma Harkajang anali mwana wamwamuna yekhayo wa mayi wamasiye, ndipo anali atangotenga mkazi. Ndiye mit wake anapita m'malo mwake. Mit ndi m'bale wolumbirirana naye pamoto, mutapakana mpunga pamphumi. Chake ndi chako, tsoka lako ndi lake, ndipo kuyambira tsiku limenelo sumutchulanso dzina. Wolitchula wadula ubalewo, kuno ndi kumizimu komwe. Mit wa Harkajang anali woweta nkhosa wochokera ku zigwa zakumadzulo, amene anthu ankangomuti Mbusa. Anatsikira kuchigwa, ndipo Mngerezi ataitana kuti "Harkajang Gurung!" iye anavomera. Kwa Mngerezi nkhope zakumapiri n'zimodzi.

Anamenya nkhondo yaikulu ya dziko lonse ija, ndipo itatha sanabwerere, anapitirira ku nkhalango za Malaya. Kenako, Mansuba atangoyamba kusenza dengu lakelake, kunakwera mzungu wofiira ngati tsabola, akutsimphina, atanyamula kabokosi ka mamendulo. Anati Harkajang anamuwolotsa mtsinje iye ali wovulala, zipolopolo zikugwa ngati matalala, ndipo pobwerera kukatenga wina madzi anamukokolola. Mtembo sunapezeke. Mzunguyo ankalira poyera osachita manyazi, ndipo anakana kuchoka asanaone mwambo woperekeza mzimu wa msilikali wake.

Akuluakulu anagwidwa mantha. Angerezi akadziwa kuti Thulibas inatumiza munthu wabodza, sadzayezanso chifuwa cha mnyamata aliyense m'mudzimo. Choncho Harkajang weniweni anakamubisa m'khola la njati zoweta kumtunda kwa mudzi. Anamanga chifanizo cha nsungwi, anachiveka malaya ake, n'kuchikoleka mamendulo pachifuwa. Pachyu, mkulu woperekeza mizimu, anafunsa dzina loti aitane. Koma mzungu anali atakhala pomwepo, chipewa chili pabondo.

"Itanani lomwe lili pa menduloyo," akuluakulu ananong'ona. "Mzimu udziwa wokha kuti tikunena iwo."

Harkajang anamva zonse ali pakati pa njati. Ng'oma inkalira, ndipo mawu a pachyu ankayenda ndi dzina lake mudzi ndi mudzi, mtsinje ndi mtsinje, mpaka ku thanthwe la pamwamba pa phiri kumene akufa amalowera. Pomaliza pachyu anatseka njira kumbuyo kwake kuti asabwerere.

Kuyambira pamenepo anayamba kutha pang'onopang'ono ngati mwala wonolerapo. Sankamva kupweteka paliponse. Chakudya chinangosiya kukoma, agalu a m'mudzi anayamba kumuuwa ngati mlendo, ndipo chaka chino miyendo inakana. Pachyu sanabise mawu. Mzimu wa Harkajang unali kuseri kwa thanthwe, thupi linkangoutsatira, ndipo chipale chofewa cha pamwamba chikangotsika phiri, munthuyo apita. Njira yomuwombolera inali imodzi: pachyu apatsidwe dzina lenileni la amene analiridwa, akalisinthanitse pakhomo la akufa. Koma Harkajang ankati bola kufa kusiyana ndi kudula mit wake. Mansuba anapempha, analira, mpaka anayamba kukhala pambali pa mphasa bambo ake akawodzera, kuti mwina dzinalo liwapulumuka kutulo. Silinapulumuke.

Atafika kunyumba anapeza amayi ake ali pakhonde akupeta mawere. Iwo atakweza maso n'kuona wobwera kumbuyo kwa mwana wawo, lichero linapendekeka, mawere n'kukhuthukira nkhuku. Sanakuwe. Anakoka nsalu kuphimba kumutu, n'kutembenuka kuyang'ana khoma.

Mtsuko unalemera mwadzidzidzi pamsana pa Mansuba. Amayi ake sankafulatira mlendo, ngakhale wokhometsa msonkho. Mkazi amafulatira mwamuna mmodzi yekha padziko, mit wa mwamuna wake, amene sayenera kumuyang'ana m'maso, kumukhudza, kapena kulankhula naye.

"Mansuba," amayi anatero, "uwafunse alendowo ngati akufa amamwa tiyi."

"Uwauze mayi ako kuti amamwa," mlendo anayankha, "koma wamchere. Wa shuga wa Angerezi uja ndi umene unawapha."

Anamwa mpaka kupempha wina, nthunzi ikutuluka m'kamwa mwake monga mwa munthu aliyense. Pomupatsa kapu Mansuba anamugunda chala mwadala. Chinali chofunda.

M'nyumba munamveka mawu ofooka. "Ndani akunyoza tiyi wa Angerezi pakhomo panga? Mit? Mit, ndinu?"

Mansuba ndi mlendo anawatulutsa bambo pakhonde. Anali opepuka ngati mtolo wa mapesi. Amuna awiriwo anaweramirana mpaka mphumi kukhudzana, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali.

"Mwakalamba, mit," Harkajang anatero. "Ndipo nkhopeyo mwaitani? Munalimbirana uchi ndi chimbalangondo?"

"Inu musanyoze, mit. Ine ndakalamba, koma inu ndamva kuti munafa."

"Ndinafa ndithu. Maliro ake anali abwino, anthu anakhuta nyama ya nkhosa. Mwiniwake ndekha ndi amene sanandigawire."

Anaseka mpaka Harkajang anayamba kutsokomola. Kenako mlendo anafotokoza mwachidule, maso ali pansi. Mtsinje unakamulavulira kutali, anthu a m'nkhalango anamutola n'kumusunga mpaka mabala atapola. Atafika pachipata cha kampu anamva kuti Harkajang Gurung anafa kalekale ndipo kwawo anamulira kale. Anaima kunja kwa waya n'kuganiza kuti dzinalo latopa, lipume. Anatembenuka, n'kukakhala mlonda wa nyumba zosungiramo katundu kudoko la Kalikata, kumene mlonda aliyense wakumapiri amangomuti Bahadur. Posachedwapa msilikali wina wopita kutchuthi, atakhuta mowa, anasimba nkhani yoseketsa ya mudzi umene unalira munthu wamoyo. Onse anaseka kupatula iye.

"Mansuba, tsitsa zitsulo zawo zija," Harkajang anatero.

Mamendulo ankakhala pamtanda wa denga, okulungidwa m'nsalu. Ali wamng'ono Mansuba ankawatsitsa mobisa, n'kumayendetsa chikhadabo m'mphepete mwake mmene munadindidwa dzina la bambo ake. Ankadzifunsa kuti munthu wovala dzina la mnzake amaota dzuwa ngati ndani, ndipo mkazi akamuitana amacheuka ndi mtima wa yani. Tsopano munthuyo anawayala pabondo lake, akuwagwira ndi nsonga za zala ngati makala osazima bwino.

"Iyi ndi ya nkhondo yaikulu. Analandira aliyense, ndi ophika omwe. Iyi iyenera kuti ndi ya mtsinje uja, sindinaionepo." Chala chinaima pa ina ya kansalu kofiirira kokhala ndi mzere wobiriwira pakati. "Iyi ndi ya Malaya."

"Kutulo kwanga kuli mitengo yoima m'mizere," Harkajang anatero atatsinzina, "yokhetsa mkaka m'tizikho. Kuli kanyumba ka masamba. Mvula ikugwa. M'katimo muli munthu akuphika mpunga, wandifulatira. Ndimafuna kumuuza kuti athawe, koma mfuti ili m'manja mwanga."

Mlendo anauma thupi. Harkajang anali asanapiteko kutali kuposa msika wakuchigwa.

"Anali ndi mpango wabuluu m'khosi," mlendo anatero chapansipansi.

"Wabuluu, eya. Amatembenuka n'kundiyang'ana. Sakalipa ayi. Amangofunsa kuti mpunga wake auphula ndani."

"Kwa ine sanabwerepo. Zaka zonsezi ndimagona ngati khanda, mit. Ndinkayesa kuti ndine wouma mtima. Kani onse amabwera kwa inu."

"Nanga apite kuti? Mendulo ikuti Harkajang."

Nkhuku zinali zitamaliza mawere aja. Amayi anali chifulatirebe, koma Mansuba anaona mapewa awo akugwedezeka pansi pa nsalu.

Pachyu anabwera dzuwa litapendeka, nkhalamba yaifupi yonunkha utsi wa mkungudza. Anamuzungulira mlendo ngati wogula njati, n'kumutsina pamkono.

"Iwe Mbusa, wandipusitsa. Ine kukwera mpaka kuthanthwe ndi mawondo anga awa, iwe uli ku Kalikata ukudya nsomba?"

"Pepani, agogo. Tsopano kamutengeni munthuyu. Mwadzionera nokha kuti palibe anafa."

"Ukuyesa kuthanthwe n'kumsika, kobweza mphika wong'aluka? Pakhomo paja sabweza chimanjamanja. Dzina linalowa, ndiye lina lilowe kuti ilo lituluke. Ukanakhala wakufa, bwenzi tikukuchitira chifundo. Koma uli moyo. Ndikakatula lako, zimene waona pa mnzakoyu zisamukira kwa iwe: miyendo, kusamva kukoma, ndi alendo ake onse a kutulo."

"Asanene," Harkajang anatero, akuyesa kudzuka. "Munandipatsa moyo kamodzi, mit. Kulandira kawiri n'kuba."

"Ng'oma ndibwera nayo m'mawa," pachyu anatero akunyamuka. "Pakamwa ndi pako, Mbusa."

Mansuba anamupeza mlendo m'munda wakumunsi, akudula ngala za mawere ndi kampeni ka Harkajang, mwachangu ngati sanachokepo kumapiri. Nkhungu inali itang'ambika pang'ono, ndipo pamwamba pa phiri pankaoneka poyera ndi chipale chofewa, chitatsika kuposa dzulo. Mansuba anaima kumbuyo kwake.

"Bambo, ndine mwana woipa. Ndikufuna munene."

"Mwana wofuna bambo ake sakhala woipa."

"Komanso sindikufuna mufe."

"Ndiye watengera mayi ako. Nawonso amafuna zonse ziwiri."

"Amayi akulowapo bwanji?"

Kampeni kanaima. Mlendo anayang'ana utsi umene unkatuluka padenga la nyumba yawo.

"Ndisanalumbirirane ndi bambo ako, ndinkatsika ndi nkhosa nyengo yozizira, n'kumapita kunyumba yoimbira achinyamata. Kunali mtsikana wina amene ankandigonjetsa pa nyimbo zoyankhana mpaka anzanga kundiwowoza. Tsiku lina anati sangapitirize kuimba ndi munthu wotchedwa Mbusa ngati galu wa nkhosa. Ndinamunong'oneza dzina langa kukhutu." Anadula ngala ina n'kuiponya m'dengu. "Makolo ake anasankha waminda. Anasankha bwino, bambo ako ndi munthu. Koma ine ndinkafuna kupita kutali kumene sindingaone utsi uwo, ndiye Mngerezi anabwera pa nthawi yake. Anthu amati ndinadzipereka. Ndinathawa, mwanawe."

Mansuba anakwera masitepe a miyala akuthamanga. Amayi ake anali pamoto akutakasa mumphika.

"Amayi, mumalidziwa. Zaka zonsezi bambo akutha, inu muli nalo m'kamwa!"

"Tsitsa mawu, akumva." Mthiko sunaime. "Ukuyesa ndafika kangati pakhomo la pachyu n'kubwerera? Mzungu uja anati mtembo sunapezeke. Mudzi wonse unamva zoti wafa. Ine ndinamva zoti sunapezeke. Ndikanalitchula iye ali moyo kwinakwake, bwenzi nditamupha ndi pakamwa panga. Ndikakhala chete, ndikupha bambo ako. Unandionapo ndikunenepa, iwe?"

Mansuba anayang'ana manja a amayi ake, mitsempha yokhayokha, ndipo mkwiyo wake unasowa pogwira. Anawalanda mthiko n'kupitiriza kutakasa.

Kutacha, udzu wa padenga unali woyera ndi chisanu. Mudzi wonse unasiya mawere m'minda n'kudzadzaza bwalo. Chifanizo cha nsungwi anachimanga mlendo mwiniwake. Anavula jekete lake n'kuchiveka, kenako anakoleka mamendulo imodziimodzi, molunjika bwino, monga anaphunzirira.

"Mit, ndikukukanizani!" Harkajang anafuula ali pamphasa, mawu ake ngati a mbalame. "Mukumva? Ndakana!"

"Akufa salamula, mit. Gonani."

Anthu ena anaseka, kuseka kwakeko n'kuthera pakhosi. Pachyu anayatsa mkungudza, anavala nthenga zake kumutu, ng'oma n'kuyamba. Mansuba anagwada pambali pa bambo ake atagwira dzanja lawo lozizira. Mawu a nkhalamba anachoka pabwalo, anadutsa kasupe, anawoloka mlatho, anakwera msipu wa nkhosa, anapyola pamene mitengo imathera. Malo aliwonse akatchulidwa, Mansuba ankamva ngati mphepo yake yamuwomba kumaso. Amayi anali pakhonde, chifulatire, mphumi ili pakhoma.

Ng'oma inaduka mwadzidzidzi. Pachyu anaima ndodo ili m'mwamba, maso ali chitsinzinire, thukuta likutsika ngakhale kunali kozizira.

"Ndafika," anatero ndi mawu ochokera kutali. "Harkajang ndikumuona, waima kuseri kwa khomo. Wapakhomo akufunsa. Akulowa ndani?"

Maso onse anatembenukira kwa mlendo. Mlendo anatsegula pakamwa.

"Musanene!"

Amayi anali atatembenuka. Nsalu inali itagwera m'mapewa, ndipo ankamuyang'ana m'maso penipeni, pamaso pa mudzi wonse. Azimayi anagwira pakamwa. Nkhalamba ina inalavula malovu pansi. Harkajang anayang'ana mkazi wake, kenako mit wake, ndipo pankhope pake panalibe kudabwa kulikonse.

"Amvereni, mit," anatero. "Ine ndazolowera kale."

Mansuba anadziwa kuti akanena nayenso mawu omwewo, atatu onse adzakhala atakana, ndipo mwina munthuyo adzamvera. Mawuwo anafika pakhosi. Anafinya dzanja la bambo ake, lopepuka ngati tsamba louma, n'kuwameza.

"Mwanawe, uwauze mayi ako..." mlendo anayamba, koma anasiyira pomwepo. Anatembenukira kwa iwo eniake, ndipo kwa nthawi yoyamba tsaya lofota lija linamwetulira pamodzi ndi linzake. "Mawu anu sanasinthe. Mwalisunga nthawi yaitali, ndathokoza. Tsopano tulani, ndisenze ndekha. Ndi uja wa mpunga yemwe, abwere kwa mwini mfuti."

"Khomo likutsekeka, Mbusa," pachyu anatero. "Mkono wanga watopa."

Mlendo anayandikira chifanizo, anaika dzanja pa mamendulo kuti asiye kugundana ndi mphepo. Milomo yake inayenda kaye popanda mawu, ngati munthu woyesa mlatho wakale ndi phazi asanapondepo. Kenako analankhula mokweza, kuti amve a pabwalo ndi a kuseri kwa thanthwe omwe.

"Muuzeni kuti akulowa ndi Ransur. Ransur Pun, mwana wa Tilbir, wa ku Dhorla."